Foni ya 4 Koloko M'mawa

[Nyimbo yotsegulira. Itsike pang'onopang'ono.]

WOULUTSA: A ku Kanyama, a ku Matero, a ku Chawama, a ku George, osaiwala a ku Mtendere ndi Kalingalinga. Sendezani wailesi pafupi, lero tikamba za ng'ombe. Ndikudziwa wina waseka kale. Ng'ombe zanji mu komboni, mmene ngakhale chingwe choyanikapo zovala timalimbirana ndi aneba? Koma tapitani pa Intercity m'mamawa, muime pafupi ndi basi ya ku Chipata, muone timitolo timene anthu akupatsira kondakitala: botolo la mankhwala a nkhupakupa, mchere wa ng'ombe, chingwe chatsopano. Ambiri a ife makola tili nawo, kungoti ali kutali ndi kumene tigona. Langa lili ku Katete, makilomita pafupifupi 500 kuchokera kuno ku Lusaka, ndipo amaliyang'anira ndi amalume.

Muno mu situdiyo ndili ndi amayi amene anagwira ntchito ya ulangizi wa ziweto m'midzi ya kum'mawa kwa zaka zambiri. Anapuma, tsopano akukhala ku Matero. Amayi, takulandirani.

MLANGIZI: Zikomo mwananga. Kupuma kwake n'kwa dzina chabe. Kuyambira Okutobala mpaka Disembala foni yanga sigona, chifukwa ndiyo nyengo imene ng'ombe zambiri zakumudzi zimabereka, ndiponso imene zambiri zimafa.

WOULUTSA: Ndiyambe ndi yanga, kuti omvera asaganize kuti ndikulankhula za m'buku. Munali mu Novembala wa 2024. Ndinali ndi ng'ombe imene ndinagula ndi ndalama za chilimba cha kuntchito, mpaka dzina tinaitcha Chilimba. Yofiira, ya linunda, mtundu wathu uja wa Angoni. Linali bere lake loyamba. Foni inalira 4 koloko m'mawa, ndipo foni ya nthawi imeneyo siyamba ndi moni. Amalume anangoti, "Mphwanga, Chilimba wavutika usiku wonse. Miyendo ya mwana ikuoneka kuyambira dzulo dzuwa litalowa, koma mutu ayi." Ine ndili pa bedi ku Chawama, ndikanatani? Ndinati kokani. Anakoka amuna anayi ndi chingwe cha pa ngolo. Thole linatuluka lamoyo, koma make sanadzukenso. Anagona masiku atatu, lachinayi anatsirizika. Tholelo linatha milungu iwiri likumwetsedwa phala lamadzimadzi, kenaka linayamba kutsegula m'mimba, nalonso linapita. Ukali wanga wonse unagwera mnyamata woweta, mwana wa amalume wa zaka 14. Ndinamulalatira pafoni mpaka mayunitsi anatha.

MLANGIZI: Pepani. Koma ndikufunseni. Mu Julayi chaka chimenecho munatumiza chiyani ku khola?

WOULUTSA: Palibe, amayi. Ufa unali utakwera, magetsi kulibe, tinkangoona za pakhomo pano.

MLANGIZI: Chilimba anali wamkulu bwanji pamene anakweredwa?

WOULUTSA: Mwina chaka ndi theka. Nkhunzi yake inali ya aneba, yaikulu, ya makutu ogwa, ya magazi a Brahman. Tinkanyadira kuti tipeza mbewu yabwino.

MLANGIZI: Ndiye mnyamata uja munamulakwira. Chilimba anayamba kufa mu Julayi, Novembala anangomaliza. Tawerengani nane. Bere la ng'ombe limatenga miyezi 9, masiku pafupifupi 283. Ng'ombe zakumudzi zimakweredwa kwambiri mu Januwale ndi Febuluwale, msipu utakula, thupi litabwerera. Wonjezanipo miyezi 9, mufika mu Okutobala ndi Novembala. Tsono mwana m'mimba amakula kwambiri miyezi itatu yomaliza, ndiye kuti Ogasiti, Seputembala, Okutobala. Kumudzi nthawi imeneyo kuli chiyani? Tchire lapsa, udzu wotsala wauma ngati tsache, madzi a padambo aphwa, ng'ombe ikuyenda mtunda wautali kukamwa. Mwana satenga chifundo, amadya thupi la make. Pofika tsiku lobereka nthiti zikuwerengeka, mphamvu zokankhira palibe.

Chaka chimene mukunenacho chinaposa zaka zina. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chija ndi ngozi yogwera dziko lonse. Maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa, chimanga cha mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'munda. Anthu tinalira za ufa, koma chimanga chikafa mapesi nawonso sakhalapo, ndipo mapesi ndiwo amaolotsa ng'ombe chilimwe. Pamwamba pa njala imeneyo inu munaikapo mwana wa nkhunzi yaikulu m'chiuno cha kamtsikana kosakhwima. Ng'ombe ya Angoni ndi yaing'ono thupi. Bere loyamba lidikire ikwanitse zaka ziwiri ndi theka kapena zitatu, ndipo nkhunzi yake ikhale ya msinkhu wake. Ya Brahman kapena Boran muisungire ng'ombe imene yaberekapo kale.

WOULUTSA: Mwandivula pagulu, amayi.

MLANGIZI: Si inu nokha. Eni ng'ombe a m'tauni mumakumbukira khola pa zinthu ziwiri, pofuna kugulitsa ndi pomva za imfa.

WOULUTSA: Chabwino. Koma foni ija yalira kale, munthu ali ku George, ng'ombe ili ku Sinda. Anene chiyani?

MLANGIZI: Choyamba afunse nthawi. Madzi anatuluka liti? Madzi akasweka, ng'ombe imene inaberekapo imamaliza mkati mwa ola limodzi, ya bere loyamba ingafike maola awiri. Ikakhala ikukankha mwamphamvu kwa ola lathunthu popanda chosintha, kudikira kwatha. Kwa inu miyendo inaoneka dzuwa litalowa, foni n'kubwera 4 koloko. Amalume anachita manyazi kukudzutsani, ndipo manyazi amenewo anadya maola khumi.

Chachiwiri, afunse kuti akuona chiyani. Mwana wobwera bwino amatsogoza miyendo iwiri yakutsogolo, pansi pa ziboda poloza pansi, mphuno itagona pamwamba pa miyendoyo ngati munthu wodumphira m'madzi. Ngati pansi pa ziboda pakuloza kumwamba, kawirikawiri imeneyo ndi miyendo yakumbuyo, mwana akubwera chafutambuyo. Ngati miyendo ilipo koma mphuno kulibe, mutu wapindikira m'mbali. Pamenepo kukoka n'kupha. Mwana amayenera kukankhidwa kubwerera m'kati pang'ono, pamene make wapumira, dzanja lipeze chibwano, mutu uwongoledwe, kenaka n'kukoka. Ntchito imeneyi ndi ya mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu. Ngati palibiretu, achite munthu wa dzanja laling'ono, wowenga zikhadabo, wosamba ndi sopo mpaka m'phewa, atavala pulasitiki, atadzola mafuta ophikira kuti dzanja literere.

Pokoka, amuna awiri akwana. Chingwe chimangidwe pamwamba pa mfundo ya mwendo, akoke pamene ng'ombe ikukankha, ikapuma nawonso apume, ndipo mutu ndi mapewa zikatuluka azikokera chotsitsa, cha ku miyendo ya make. Awiri akalephera ndiye kuti mwana ndi wamkulu kuposa njira. Kuitana ena awiri sikukulitsa njirayo. Ndinaonapo anthu atamangirira chingwe ku goli la ng'ombe zolimira. Zimene ndinapeza kumeneko sindinganene pa wailesi anthu akudya. Chilimba wanu sanadzuke chifukwa mitsempha ya m'chiuno inaphwanyika ndi kukoka kuja.

WOULUTSA: Akanatha kupulumuka atagona choncho?

MLANGIZI: Ena amadzuka. Ng'ombe yogwa isagone chammbali, imatupa mimba. Ikhazikeni pa chifuwa, muitsamiritse ndi matumba a udzu, muitembenuze maola atatu kapena anayi alionse kuti mwendo wapansi usafe. Mthunzi, madzi pafupi ndi pakamwa, gaga ndi masamba obiriwira. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo inu a m'tauni ndi pamene muyenera kutumiza kangachepe ka anyamata otembenuzawo. Kwinanso, thumba lotsalira lija likapanda kugwa tsiku lathunthu, asalikoke, asamangirirepo mwala monga amachitira ena. Aitane mlangizi, makamaka ng'ombe ikasiya kudya.

[Nyimbo yaifupi.]

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene, tikukamba za ng'ombe zimene zimafa pobereka, ife eni ake tili kuno ku Lusaka. Amayi, thole langa lija. Linabadwa lamoyo, linaima, linalira. Linapita bwanji?

MLANGIZI: Linayamwa tsiku loyamba?

WOULUTSA: Make anali gone. Ndipo azakhali anati mkaka woyamba uja wachikasu ndi woipa.

MLANGIZI: Apo ndi pamene linafera, masiku enawo linkangoyembekeza. Mwana wa munthu amalandira chitetezo china akali m'mimba. Thole limabadwa lopanda chilichonse, chitetezo chake chonse chili mu mkaka wachikasu, wokhuthala uja. Matumbo ake amautenga bwino maola 6 oyamba, pofika maola 24 khomo latsekeka. Choncho ngakhale make atagona, mukameni ali chigonere, mumwetse mwana ndi botolo, lita imodzi kapena kupitirira pang'ono, mubwerezenso tsiku lisanathe. Make akafa, thamangani mudzi wonse kufunafuna ng'ombe ina imene yabereka dzulo kapena lero. Nyengo yobereka siisowa. Mchombo muuviike mu ayodini, chifukwa khola la matope limalowetsa matenda pamenepo, thole n'kutupa mawondo.

Phala ayi. Mimba ya thole la milungu iwiri sigaya ufa. Limafuna mkaka wa ng'ombe wofunda, tsiku lililonse gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake. Thole lathu lakumudzi la makilogalamu 20 ndiye malita awiri, ogawa katatu. Likayamba kutsegula m'mimba, chimapha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Pali timapaketi ta mchere wosungunula m'madzi timene amagulitsa m'masitolo a mankhwala a ziweto. Limwe timeneto pakati pa nthawi za mkaka, mkakawo osausiya.

Njira ina ndi ya makolo, ndipo imagwira. Mukakhala ndi thole lamasiye kuno, uko kuli ng'ombe imene mwana wake wafa, aphatikizeni. Ng'ombe zathu za linunda sizitsitsa mkaka popanda mwana pafupi, choncho mwini wa ng'ombe inayo naye apindula. Amasenda chikopa cha thole lakufalo, n'kuveka wamasiye pamsana masiku atatu kapena anayi. Make amanunkhiza, amazengereza, kenaka amayamba kunyambita. Izi muchite pokhapokha thole linafa pobadwa. Ngati linafa ndi matenda, chikopacho chikwiriridwe.

WOULUTSA: Ndiye likapulumuka mwezi woyamba, tapuma?

MLANGIZI: Mvula ikagwa nkhupakupa zimadzuka. Pali ija yofiirira imene imakonda m'makutu, ndiyo imanyamula East Coast fever, matenda amene abale athu a kum'mwera amawatcha denkete. Kum'mawa amagwira kwambiri mathole. Muona zotupa pansi pa khutu ndi patsogolo pa phewa, thupi kutentha, kupuma movutika, pamapeto thovu m'mphuno. Mankhwala ake alipo koma ndi odula, ndipo amathandiza mukafulumira. Chotsika mtengo ndi katemera. Inu a ku Katete muyenera kunyada, chifukwa katemera amene amabaya mathole a kum'mawa kuyambira zaka za m'ma 1980 amatchedwa Katete, wa kum'mwera amatchedwa Chitongo. Thole limabayidwa kachilombo kamoyo pamodzi ndi mankhwala okafooketsa, limaikidwa chizindikiro pa khutu, ndipo kubaya kamodzi kumaliteteza moyo wake wonse. Funsani ku ofesi ya za ziweto pa boma lanu kuti adzabaya liti. Ndalama ya katemerayo ituluke m'thumba mwanu, mwini ng'ombe, amalume asagulitse nkhuku zawo.

WOULUTSA: Tsopano funso limene aliyense akuliganiza koma sanena. Nyama. Chilimba atafa anamusenda, anagulitsa pa ngongole yolipira chimanga pokolola, ndipo mwendo umodzi unabwera kuno pa basi.

MLANGIZI: Ndimadziwa chimene chimapweteka. Munthu wataya ng'ombe, afuna apulumutseko kanthu. Koma ng'ombe imene yagona masiku atatu chiberekero chikuwola, yabayidwanso majakisoni, si ndiwo. Mankhwala aja amakhala m'nyama kwa milungu. Imeneyo ndi ngozi yaing'ono. Yaikulu ndi ng'ombe imene dzulo inali bwino, lero mwaipeza yafa, yatupa msanga, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno ndi kumbuyo. Imeneyo musaikhudze ndi mpeni. Akhoza kukhala anthrax. Mu 2023, pofika pa 20 Novembala, bungwe la WHO linawerenga anthu 684 oganiziridwa kuti adwala matendawa muno m'Zambia, anayi anamwalira. Anayambira ku Sinazongwe koma anafika m'zigawo 9 mwa 10. Ku Chama mu 2011 anthu oposa 500 anadwala atadya nyama ya mvuu zofa zokha. Mukang'amba mtembo wotere, tizilombo timalowa m'dothi n'kukhalamo zaka makumi, kudikira ng'ombe za adzukulu anu. Uzani a zaziweto, mtembo uwotchedwe kapena ukwiriridwe dzenje lakuya mamita awiri.

Ndipo inu a mu komboni amene mulibe ng'ombe, nkhaniyi ikukukhudzani. Munthu akabwera pakhomo ndi nyama ya m'thumba, yopanda chidindo cha oyeza nyama, mtengo wake wosekeretsa, m'miyezi imene ng'ombe zimafa kwambiri, dzifunseni kuti ng'ombe yake inafa bwanji.

Chinanso, ng'ombe ikataya bere la miyezi 6 kapena 7, makamaka zikachitika kwa ziwiri kapena zitatu m'khola limodzi, tiganizire brucellosis. Amalowa mwa munthu pogwira mwana wotayikayo ndi manja, kapena pomwa mkaka wosawiritsa. Munthu amangomva malungo obwerabwera, kutuluka thukuta usiku, kuphwanya m'mfundo, akayezetsa malungo osapezeka. Zotayikazo zigwiridwe ndi pulasitiki, zikwiriridwe kumene agalu sangafukule. Magazi a ng'ombe amatha kuyezedwa. Alangizi amatumiza ku Balmoral, ku Chilanga, kumene kuli malo a boma ofufuza matenda a ziweto. Ndipo a ku Kalingalinga, sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel ili pa UNZA pomwepo, mumaidutsa tsiku lililonse popita kukakwera basi pa Great East Road.

WOULUTSA: Pali china chimene sindinanene. Chilimba atafa sindinagone bwino milungu ingapo. Kuntchito sindinauze munthu, ndinkaopa kusekedwa kuti bambo wamkulu akulira ng'ombe. Koma m'mutu mwanga ng'ombe ija inali fizi ya mwana wanga wamkazi, inali malata a nyumba ya kumudzi. Ndipo maganizo oipa anabwera. Ndinayamba kudzifunsa ngati inafadi, kapena amalume anaigulitsa.

MLANGIZI: Mabanja ambiri aphwasukira pamenepo. Ndaona anthu osalankhulana mpaka pa maliro chifukwa cha ng'ombe imodzi. Akale ankadziwa mtima wa munthu, n'chifukwa chake wosunga ng'ombe za mnzake ankaumika chikopa kuti mwini akabwera adzaone yekha mawanga ake. Lero kuli WhatsApp. Gwirizanani kukali bwino kuti chiweto chikadwala kapena kufa, chithunzi chibwere tsiku lomwelo, ndipo wosunga asamve ngati mukumuyesa wakuba. Komanso muziwerenga mbali yawo. Inu mwataya chuma, iwo ataya mkaka wa ana, manyowa a kumunda, ndi tulo ta masiku anayi. Mnyamata amene ankaitsegulira khola m'mawa uliwonse, mukuganiza kuti sanalire? Kulira ng'ombe si chamanyazi. Uzani akazi anu, uzani anzanu a chilimba, mudzadabwa kuti atatu mwa iwo analandirapo foni yomweyo.

WOULUTSA: Kuyambiranso kwake?

MLANGIZI: Musathamangire ngongole ya katapila kuti mugule ina mwezi womwewo. Mukadzazanso khola lomwe lija la njala, mudzaliranso chaka chamawa. Ngati ndalama yachepa, yambani ndi mbuzi. Bere lake ndi miyezi 5, kawirikawiri zimaswa awiri, ndipo chilimwe zimadya masamba a mitengo pamene ng'ombe ikusowa udzu. Zikachuluka mudzasinthanitsa ndi ng'ombe yaikazi. Koma mugule za kufupi ndi mudzi. Za pa msika wa Chibolya zasonkhana kuchokera kumadera ambiri, ndi za michopo, si zoweta, ndipo kusamutsa chiweto kumafuna chilolezo cha a zaziweto.

Kwa amene zatsala, nkhanga zinapangana kusanapse. Mu Meyi, pokolola, lipirani anthu amange mapesi ndi masangwi a mtedza, aziike pa thandala kumene chiswe ndi moto sizifika. Ana atole nyemba za msangu zikayamba kugwa, ng'ombe zimazikonda ndipo zimalimbitsa thupi. Kuyambira Ogasiti, ng'ombe ya bere ipatsidwe payokha gaga kilogalamu imodzi kapena ziwiri pa tsiku, ndi zotsalira za mpendadzuwa woyenga mafuta ngati zilipo, ndi mchere wonyambita. Mcherewo, ayodini, mankhwala a nkhupakupa ndi magolovesi aatali mungagule kuno, ku Livestock Services pa Showgrounds kapena m'masitolo a zaulimi m'tauni. Ndalama ikasowa, gulitsani ng'ombe imodzi yokalamba mu Meyi kapena Juni ikali yonenepa, idyetse zinzake. Amuna ambiri amakana zimenezi chifukwa amakonda kuwerenga mitu. Mu Novembala mitu ija amaiwerenga ili pansi.

WOULUTSA: Ine ndatsala ndi imodzi, mng'ono wake wa Chilimba, ndipo nkhunzi ya makutu ogwa ija ndaiuza kudzera mwa amalume kuti idikire. Nambala ya mlangizi wa kudera kwathu ili m'foni mwanga ndi m'foni mwa amalume, ndipo tinapangana kuti madzi akasweka aimbe nthawi yomweyo, kaya ndi pakati pa usiku. Mnyamata uja ndinapita kukamupepesa ndekha pa Khirisimasi, nditanyamula majombo ndi tochi. Analandira ndi manja awiri, koma sanandiyang'ane kumaso. 

MLANGIZI: Mukapitanso mumutengereko ndi mabatire.

WOULUTSA: Sabata yamawa nthawi ngati ino tidzakamba za chitopa, ndi nkhuku zimene mukusunga kuseri kwa nyumba alandilodi osadziwa. 

[Nyimbo yotsekera.]